Ng'oma Zopaka Penti za Nasibeko

Fungo ndilo linayamba kuwalonjera a Gilford Chikadza asanafike n'komwe pachipata cha Holo ya Tiyanjane ku Kawale. Silinali fungo la fumbi lowazidwa madzi posesa, limene analizolowera pamalopo, kapena la utsi wa makatoni owambira ng'oma. Linali fungo la penti, lakuthwa, lokanda kummero, longa la m'galaja mokonzera magalimoto ogundana. Anaima pang'ono, napukuta thukuta, nakonza jekete lawo lakuda limene dzuwa la Okutobala linali litalisandutsa ng'anjo.

Chaka chinali chitatha chimwalirireni akazi awo, mayi Elube, amene iwo ankawaitana ndi mfunda wawo wa ku Ntcheu kuti Nasibeko. Tsikulo komiti ya holoyo inakonza mwambo wowakumbukira. A Chikadza anabwera atanyamula chinthu chimodzi chokha mumtima, ndicho lonjezo. Ali gone m'chipatala, mawu atayamba kuwathera, Nasibeko anawagwira chala n'kunena kuti, "Mukadzati mundikumbukire, musadzanditopetse ndi zolankhula. Misonkhano ndakhalamo yondikwana. Mudzawambe ng'oma, amayi a ku Biwi adzavine chimtali, basi." Iwo anavomera. Kwa mphunzitsi wopuma pantchito, amene moyo wake wonse analanga ana chifukwa cha bodza, mawu ovomera pamaso pa munthu amene akutsikira kulichete sanali ochita kukambirananso.

Nasibeko sanali woimba, ndipo pa kuvina ankangogwedeza mapewa ali chikhalire. Luso lawo linali lotsegulira ena zitseko. Zaka zambiri ndiwo ankayendetsa holoyo. Ankagawa masiku kuti a zisudzo a ku Chilinde asagundane ndi kwaya ya ku Area 23, ankapita okha kukapempha chilolezo gulu likafuna kuchita sewero pamsika, ankayenda wapansi kukagogoda kwa eni malole kuti anyamuleko anyamata a mganda. Kolera itavuta chaka china, anatenga a zisudzo n'kuzungulira nawo m'misika ndi potungira madzi mpaka nsapato zawo zinatha zidendene. Lachitatu holoyo inkasanduka sikelo ya ana. Kukagwa maliro, mipando ndi tenti zinkanyamuka kupita kusiwa popanda wofunsa kuti malemuyo ankapemphera kuti. Ndipo kachipinda kosungiramo ng'oma sikanaonepo loko.

"Ng'oma yogona m'chipinda ndi ndiwo za makoswe," iwo ankatero. "Yoyenda ndiyo imakhalitsa."

Maluwa a pamanda awo asanafote, loko analowa. Anamukhoma ndi a Pemphani Maseko, wapampando wa komiti, munthu wa ku Area 47 amene Nasibeko ali moyo ankaoneka paholopo pokhapokha kukabwera alendo a mabungwe. Poona m'kachipindamo anapeza kuti ng'oma imodzi yaing'ono munalibe. Nasibeko anali atabwereketsa ng'omayo kwa amayi a chimtali a ku Biwi, chifukwa wowaimbira wawo, a Luckson, miyendo inali itawakana ndipo sakanathanso kumafika ku Kawale. Komiti inalamula kuti ibwerere. Mtsogoleri wa amayiwo, mayi Jacinta, anayankha kuti, "Anatipatsa ndi a malemu, adzatilandenso ndi a malemu." Kuyambira pamenepo amayi a ku Biwi anatchedwa akuba, ndipo mlonda anauzidwa kuti asamawalole kulowa.

A Chikadza anali atapita kawiri konse kukawafotokozera a Maseko za lonjezo lija. "Musadandaule, madala," anayankhidwa motero. "Ng'oma zidzakhala kutsogolo kwenikweni. Mudzasangalala nokha."

Ndipo zinalidi kutsogolo. Atalowa m'holomo, a Chikadza anaziona zitandandalikidwa pansanja, zikunyezimira ngati mapoto atsopano a pa ukwati. Mitengo yake, imene manja a anthu anaisalaza mpaka inada bii, inali itapakidwa penti wobiriwira. Zikhomo zokokera chikopa zinali zagolide. Zikopa zenizenizo zinali zoyera mbee, penti wochita kuundana, ndipo phula lakuda lija limamatidwa pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire mozama linali litapalidwa lonse. Pamwamba pa ina panali maluwa apulasitiki, pa ina mabotolo a madzi a alendo. Yaikulu koposa, imene oimba ankaitcha gunda, anaigoneka choyang'ana anthu, ndipo pachikopa chake panali nkhope.

Panapita nthawi a Chikadza asanavomereze kuti nkhopeyo inali ya akazi awo. Wojambulayo, amene mwachionekere anazolowera kulemba zikwangwani za masaluni, anawayeretsa khungu, nawachotsa mpata wa kumano umene iwo anaukonda chionereni ali anyamata, nawapaka milomo yofiira psuu. Nasibeko, mayi wa chigwirizano cha kumpingo amene sanapakepo kanthu pakamwa kupatula mafuta oletsa kuuma m'nyengo yachisanu!

"Madala athu afika!" A Maseko anatulukira atavala malaya a nsalu ya chitenje yokhala ndi nkhope yomweyo pamimba ndi kumsana. "Mwaona? Ndinakuuzani ine. Zinali zauve zimenezi, madala, zonunkha utsi, zina zomata zinthu zakuda pakati. Alendo athu akanati chiyani? Pano ndi zoti munthu ukhoza kujambulitsa nazo."

"Ziimbidwa bwanji?" anafunsa a Chikadza.

"Kuimbidwa?" A Maseko anaseka. "Zimenezo n'zachikale. Ng'oma zonse zili pa fulashi, mnyamata wa masipika uyo angodina. Sawundi yake yoyera, yopanda utsi. Ovina tapeza atsikana aja amavinira alendo m'mahotela, ophunzira bwino, osunga nthawi."

"Nanga amayi a ku Biwi?"

"Aaa, madala, tsiku labwino ngati lino tisatchule akuba. Inu mukhale apa, mpando wofewawu. Dzina lanu lili kumapeto kwa pulogalamu, woimira banja, mawu othokoza. Mwachidule chabe, poti mlendo wolemekezeka ali ndi kwina."

Kunja kunalira hutala ya galimoto, ndipo a Maseko anathamangira komweko, nkhope ya Nasibeko ikugwedezeka kumsana kwawo. A Chikadza anatsala akuyang'anizana ndi gunda. Sanali woimba ng'oma, koma anali ataonerera kuwamba kosawerengeka podikira akazi awo kuti aweruke, ndipo mtima wa munthu wouma khosi unawauza kuti mwina pansi pa pentiyo chikopa chikadali ndi moyo. Anavula jekete, naigubuduza ng'omayo kudzera kukhomo lakumbuyo.

Kuseri kwa holo kunali malo akuda ndi phulusa la zaka zambiri, pamene oimba ankasonkha moto wowambira. Nasibeko analimbana ndi oyandikana nawo kangapo kuti malowo asatsekedwe. Tsopano panali mulu wa zitini za penti ndi makatoni a zakumwa. Kuseri kwa waya wa mpanda, padzuwa, kunaima amayi a ku Biwi atavala nsalu zawo zakale zofanana, zosuluka ndi kuchapa. Sanaitanidwe, koma anabwera.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero mayi Jacinta, zala atakowetsa pawaya. Kenaka anaona ng'omayo, nagwira pakamwa. "Mayo ine! Ameneyo ndani?"

"Akuti ndi mayi anu."

"Mayi athu ati? Ameneyu ndi uja amagulitsa mafuta oyeretsa khungu kumsika wa Mchesi."

Amayi ena anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. A Chikadza anakoleka jekete pawaya, nang'amba makatoni, napempha machesi. Mayi Jacinta anawapatsira pa bowo la waya, uku akupukusa mutu.

"Musadzivute, bambo. Imeneyo anaipha kale. Chikopa chimafuna kupuma, chimve moto, chikungike. Achitseka mphuno ndi pakamwa."

"Ndinalonjeza, mayi."

Moto unayaka. Anapendeketsa gunda kuti chikopa chiyang'ane kumoto monga ankaonera oimba akuchita, nachisisita ndi chikhato mozungulira, nachimenya. Chinangoti bu, ngati thumba la madeya onyowa. Anaisendeza pafupi. Anamenyanso. Bu. Anaisendezanso, ndipo apo ndi pamene penti anayamba kuwira. Pachipumi cha nkhope ija panatuluka matuza, natupa, naphulika. Tsaya linatsetsereka. Milomo yofiira ija inasungunuka n'kuyenderera mpaka kuchibwano, ndipo utsi wakuda wonunkha ngati matayala unawalowa m'mphuno. Pofuna kupulumutsa chotsala anapukuta ndi dzanja, penti wotentha nawakakamira m'chikhato. Pomwepo chikopa chinalira kamodzi kokha, kulira kwake komaliza, thwa! n'kung'ambika kuchokera kudiso mpaka kukhutu.

A Chikadza anapotoloka, natsamira khoma. Anali ataona mtembo wa akazi awo osanjenjemera, anali ataponya dothi m'manda maso ali gwa. Koma ichi, chidole chonamizira nkhope ya Nasibeko chikuwira ngati phala lopserera, ndipo woyatsa moto wake ali iwo eni, chinawakanika kuchiyang'ana.

Kuwaya kuja mayi Jacinta analankhula motsitsa mawu.

"Yamoyo yatsala imodzi, bambo. Ili kwa a Luckson. Dzulo lomweli inalira pa chinkhoswe. Koma tikabwera nayo kuno atilanda, mawa muipeza nayonso yavala milomo."

A Chikadza anayang'ana chikhato chawo chofiira. Anadziwa kuti mayiyo sankanama. Kuitanitsa ng'omayo kunali kuiika pakamwa pa fisi, ndipo kuileka kunali kubwerera kwawo ku Area 23 ndi bodza pamaso pa wakufa.

"Tumizani kabaza," anatero. "Abwere nayo pamodzi ndi a Luckson. Musalowe, muimire pamsewu. Wofuna kuilanda adzayambe wadutsa pa ine."

Pamene a Chikadza ankabwerera m'holo, a Maseko anali atapeza kale gunda kuseri kuja. Sanakalipe, pakuti alendo anali atakhala. Anangouza mlonda kuti aibweze pansanja choimika, aiphimbe ndi nsalu ya patebulo, aikepo maluwa. Atatero inaoneka bwino ndithu, ndipo mlendo wolemekezeka anatsamiritsapo chigongono. Chikomekome cha nkhuyu, anaganiza a Chikadza, m'kati muli nyerere.

Zolankhula zinayamba. Analankhula mlembi wa komiti, yemwe uja ananenapo pamsonkhano kuti Nasibeko asandutsa holo kukhala khola chifukwa cha ana a kusikelo. Lero anati malemuwo anali mayi wa ana onse, napukuta m'maso mouma. Analankhula msungichuma, analankhula woimira achinyamata wa imvi kumutu, analankhulanso a Maseko pakati pa wolankhula aliyense. Mlendo wolemekezeka, mkulu wa bungwe lina la mumzinda, anawerenga Chingerezi chake papepala, natcha malemuwo bwenzi lake lapamtima. A Chikadza anamukumbukira bwino. Ndiye uja Nasibeko anakamudikira pabenchi la ofesi yake tsiku lathunthu kukapempha malata a denga lodontha, n'kubwerako ndi kalendala.

Atsikana a m'mahotela analowa atavala timikanda ndi nsalu zonyezimira. Mnyamata wa masipika anadina, ng'oma za pa fulashi zinagunda mpaka mazenera ananjenjemera, ndipo atsikanawo anavina mwaluso ndithu, akumwetulira kamera. Panalibe wowaimbira woti awaone mapazi n'kuwasinthira kamenyedwe, panalibe mayi wothirira nyimbo mang'ombe. Nyimbo itatha anaima nji, ngati wazimitsa wailesi. Kumbuyo kwawo ng'oma zenizeni zinali duu, zitasenza mabotolo.

"Tsopano," anatero a Maseko, "mawu othokoza kuchokera kubanja. Madala athu, a Chikadza, mwachidule."

Mwambo wa woimira banja ndi wodziwika. Ngakhale anthu akuchitire chipongwe chotani, umaimirira n'kuthokoza onse mmodzimmodzi, n'kupepesa pamene palakwika, kuti anthu abalalike mitima ili pansi. A Chikadza anali atauchita mwambowu pamaliro ambiri, ndipo ankadziwika kuti amautha. Anaimirira, nalandira chimkuzamawu ndi dzanja lopanda penti. Asanatsegule pakamwa, khutu lawo linatola kanthu kuchokera kumsewu, kakugunda kakang'ono koyesa chikopa, kenaka kachete, kenaka kakugundanso kokwererapo. Wina anali kuwamba ng'oma.

"Mwambo umati ndithokoze," anayamba motero, mosafulumira. "Ndithokoza. Ndikuthokoza makoswe a m'holo muno. Mkazi wanga ankawaopa kwambiri, koma lero ndaona kuti ankawanamizira. Zaka zonsezi ankangodya m'mphepete mwa chikopa, pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kutisiyira ng'oma zolira. Sanapake penti ngakhale imodzi. Ena onse amene mwagwira ntchito lero, mphotho yanu mwalandira kale, ili m'makameramo."

Anatula chimkuzamawu pa gunda wophimbidwa uja, natsika pansanja, nayenda pakati pa mipando kulunjika kukhomo. Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kudzigwira. A Maseko anaomba m'manja okha, kawiri, nasiya.

Kumsewu, pafupi ndi ngalande, a Luckson anali atakhala pa kreti, miyendo yawo yotupa itatambasulidwa, kang'oma kakuda kosaoneka bwino katapanidwa m'maondo. Pambali pawo makatoni ankanyeka. Atawaona a Chikadza anangogwedeza mutu, nagwetsa manja pachikopa. Kanalira! Mawu ake sanali aakulu ngati a masipika, koma ankalowa m'chifuwa. Mayi Jacinta anayambitsa nyimbo, amayi anapanga bwalo, ziuno zinayamba kutembenuka pamodzi, fumbi linakwera. Inali nyimbo imene anaipeka okha, yonena za mayi wa ku Ntcheu amene sankadziwa kumene kumagulidwa loko. Ogulitsa tomato anasiya mabenchi awo, a kabaza anaima, ndipo anthu a m'holo anayamba kutuluka, poyamba a kumbuyo, kenaka ndi a mipando yofewa omwe. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

A Chikadza anaima m'mphepete mwa bwalo, mapewa awo akugwedezeka pang'ono monga ankachitira akazi awo. "Nasibeko," ananong'ona, "ndi zimenezo. Pamsewu, pafupi ndi ngalande, koma ndi zimenezo."

Mtendere wawo sunakhalitse. Masipika a m'holo anakhosomola, ndipo mawu a a Maseko anasefukira kunja. "Alendo athu olemekezeka, monga mwa pulogalamu imene komiti yanu inakonza, tsopano tikupita panja kukaona chikhalidwe chathu chenicheni!" Wojambula wa kamera anathamanga nagwada m'fumbi. Mlendo wolemekezeka analowa m'bwalo, navina mapazi awiri atatu moyang'ana kamera, natuluka akupukuta nsapato ndi kapepala.

Gule atatha, a Maseko anafika ali thukuta kamukamu, mlonda ali pambuyo pawo.

"Madala, mwatithandiza kwabasi! Za makoswe zija tizidula mukanema, koma izi zatuluka bwino zedi. Ndiye kang'omako kalowe m'kati. Lolemba wopenta akubwera kudzakonza ija mwaiwononga, akapakire limodzi kuti kafanane ndi zinzake."

Mlonda anatambasula dzanja. Amayi anasiya kuseka. A Chikadza anapita pakati pa mlondayo ndi a Luckson, naika chikhato chawo chofiira paphewa la mkulu wodwala miyendoyo.

"A Maseko," anatero mokweza, kuti ndi wojambula yemwe amve, "ng'oma iyi anaibwereketsa ndi mkazi wanga, ndipo sanaiitanitse. Ngati mukuifuna, kapempheni kwa iyeyo. Kumene ali mukukudziwa, ngakhale tsiku loika maliro munachoka tisanafike kumanda."

Kamera inali ikadayang'ana. A Maseko anaiona, naonanso mlendo wolemekezeka amene anaima chapafupi akumwa madzi. Anamwetulira ndi mano okhaokha, nagwira mlonda pamkono.

"Nthabwala za madala athu," anatero. "Tidzakambirana ku komiti."

A Chikadza anathandiza kukweza a Luckson pa kabaza, ndipo mayi Jacinta anamangirira ng'omayo kumsana kwa mkuluyo ndi nsalu yawo, monga amaberekera mwana.

"Isadzagonenso ku Kawale," anatero a Chikadza.

"Ikadzabwera kuno, bambo, mudzadziwe kuti ine ndafa," anayankha mayi Jacinta.

A Chikadza anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota kulowera ku Biwi. M'holo anali atayamba kugawa chakudya m'timabokosi, ndipo mzere wa a komiti unali kale kutsogolo. Wina anawakodola kuti adzalandire kawo. Iwo anangotenga jekete lawo pa waya pamene analikoleka, nauyamba wapansi ulendo wa ku Area 23.

Panjira anaima potungira madzi, napempha mayi wina kuti awathirireko m'manja. Anatola mchenga, napekesa chikhato mpaka chinayamba kuwawa. Wobiriwira anachoka, woyera anachoka. Wofiira wa milomo uja analowerera m'mizere ya dzanja, nakana.

"Ameneyo sachoka ndi madzi, agogo," anatero mayiyo. "Mukagule parafini."

A Chikadza anathokoza, nalavula m'ngalande, napitiriza ulendo dzanjalo atalitalikitsa ndi thupi, ngati munthu amene wanyamula khoswe wakufa kukataya kudzala.